Nyumba imene inasamutsa apongozi anga

Alendo a kutsidya kwa nyanja amabwera ku famu ya mishoni nyengo yachisanu, chimanga chitalowa kale m'nkhokwe, pamene kulibe matope oti n'kuwadetsera nsapato. Ndakhala ndikuwaona chaka ndi chaka, chifukwa mudzi umene ndinakwatirako, mbali ya ku Vubwi, unachita malire ndi famuyo, ndipo ndinkagwirako ganyu yokonza mpanda wa ng'ombe. Amatsika m'basi atavala malaya ofanana ndi zipewa zazikulu, aliyense botolo la madzi kumanja. Amayamba ndi nyimbo, kenako amadzola mafuta oteteza ku dzuwa, akatero amanyamula njerwa imodzi anthu awiri, wachitatu akujambula.

Chaka chimene ndikunenachi mvula inatigwetsera nyumba ziwiri pabwalo limodzi, yanga ndi ya apongozi anga, amayi ake a mkazi wanga. Ine, mkazi wanga ndi ana tinalowa m'chigafa cha fodya. Apongozi anakabisala m'kakhitchini kaudzu.

Malo amenewo anali a apongoziwo, anawasiyira ndi amayi awo. Ine ndine mkamwini chabe. Chikwatirireni sindinadyepo iwo akuona, ndipo tinali tisanagwiranepo chanza. Tikakumana panjira mmodzi ankapatuka, moni n'kupatsana patali, titanjuta, nkhope zili kumbali. Sikunali kudana ayi. Nkhuku ikaphedwa kwawo, nthutumba inkabwera kwa ine m'mbale yovundikira, ndipo munda wawo ndinkayamba kuulima ndisanakhudze wanga. Ndinkawakonda mayi amenewo, ndipo umo ndi mmene tinkasonyezerana.

Abusa anawalozera alendowo pabwalo pathu. Mtsogoleri wawo anali bambo wamtali wandevu zoyera, amene akuti kwawo ankagulitsa magalimoto asanapume pantchito. Anayezayeza ndi tepi, n'kulengeza kuti atimangira nyumba imodzi ya zipinda ziwiri ndi khomo limodzi, kuti banja lonse likhale pamodzi m'chikondi cha Ambuye. Ndinapempha womasulira, mkulu wa mpingo amene ankaphunzitsa sukulu ku Katete, kuti awauze kuti njerwa zomwezo atimangire tinyumba tiwiri, ngakhale tating'ono bwanji. Mkuluyo anayesa ndithu. Anafotokoza kuti ine sindingagone denga limodzi ndi apongozi anga.

Bambo wandevu uja anaseka mpaka chipewa chinagwa. Anandimenya pamsana n'kunena kuti kwawonso amuna amathawa apongozi awo, nkhani yake ndi yomweyo dziko lonse. Kenako nkhope inasintha, inakhala ya munthu amene wapeza wodwala, ndipo anati atipempherera. Womasulira sanapitirize. Anaopa kuti akalimbikira, simenti ipita mudzi wina.

Anamanga nyumba yawo ija. Khoma la pakati analisiya losafika kudenga, akuti mphepo izidutsa, moti munthu akatsokomola chipinda china, wa chipinda chinacho amamva ngati ali naye pamphasa. Masiku onsewo atsikana a m'gululo ankatiyang'anitsitsa. Ndikafika ndi wilibala ya mchenga, apongozi ankanyamuka n'kupita kuseri, atsikanawo n'kumanong'onezana ndi maso achifundo. Chifundo chimenecho chinkandinyansa. Anthu anaoloka nyanja yonse kudzatithandiza, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakhala pansi n'kufunsa chifukwa chake timatero.

Tsiku lopereka nyumba mudzi wonse unasonkhana. Panali nyimbo, pakhomo atamangapo nsalu yoti adule. Bambo wandevu uja anatiitana awirife, ine ndi apongozi, kutsogolo, ndipo pagulu chotero sitikanakana. Anawerenga vesi la kukhululukirana. Ndisanazindikire chimene akufuna, anagwira dzanja langa, n'kugwira la apongozi, n'kuwaphatikiza, manja ake onse awiri n'kusanjika pamwamba kuti tisathawe. Ndiye anayamba kupemphera, ndipo anthu amenewa akalipeza pemphero salisiya msanga.

Amayi a m'mudzi anagwira pakamwa, alamu anga anazolika. Dzanja la apongozi linali lozizira, nkhope ataibisa m'chitenje. Ine ndinkangolakalaka nthaka itang'ambika. Alendo ankalira misozi yachimwemwe, ena akuomba m'manja, ena akujambula. Kwa iwo, tsiku limenelo anagwetsa Satana m'mudzi mwathu.

Basi yawo itapita, nyumba inatsala yopanda munthu. Ndinatuma mkazi wanga kuti akawauze amayi ake alowemo, ife tikhalabe m'chigafa mpaka nditaumba njerwa zanga. Apongozi anakana. Anati adzukulu awo akutsokomola, iwo sangagone pa simenti ana ali pamphepo. Ine ndinakananso, chifukwa mkamwini sangalowe m'nyumba ya malata mwini malo ali m'khitchini. Tinakankhirana choncho mpaka dzuwa la chilimwe linafika. Kumjigo nako apongozi sanathenso kupitako, chifukwa atsikana osaleredwa bwino ankati akawaona n'kumagwirana chanza, akuseka.

Mitambo itayamba kuda kumbali ya ku Mozambique, m'mawa wina apongozi anamanga katundu wawo m'chitenje kuti akupita kwa mng'ono wawo ku Sinda. Anaima kumapeto kwa bwalo atandifulatira, n'kulankhula ndi mkazi wanga mokweza kuti ine ndimve.

"Uwauze bambo a anawa kuti sindinawakwiyire. Alowetse ana m'nyumba mvula isanagwe."

Ndinanjuta pomwe ndinalipo, maso ali pansi.

"Uwauze amayi kuti malo ano ndi awo. Woyenera kuchoka ndine."

Apongozi anasenza katundu wawo n'kulowera kumsewu, mkazi wanga akuwatsatira akulira. Madzulo ake mvula inagwa, ndipo ndinalowetsa ana m'nyumba muja. Kuyambira pamenepo m'mudzi ndimadziwika kuti ndine mkamwini amene anathamangitsa mwini malo.

Chisanu chotsatira alendo anabweranso. Chithunzi chathu anachiika m'galasi n'kuchipachika m'chipinda chimene amadyeramo ku famu, kuti obwera kumene aziona zipatso za ntchito yawo. Bambo wandevu atandipeza pampanda anafunsa za apongozi. Womasulira atamuuza kuti anasamukira ku Sinda, anapukusa mutu, n'kundigwira paphewa. Anati ndisataye mtima, kukhululuka kumatenga nthawi, ndipo apitiriza kupempherera mtima wanga wouma. Ndinali ndi hamala m'manja, koma ndinathokoza, chifukwa ganyu ndinkaifunabe.

Ndinaumba njerwa, ndinamanga kanyumba kena pomwe panali khitchini paja, ndinatumiza uthenga ku Sinda kangapo. Yankho linkakhala loti abwera akakolola. Anabweradi patapita zaka, pagalimoto ya mpingo, ali m'bokosi. Amayi a chigwirizano anawalowetsa pakhomo limodzi lija n'kuwagoneka m'chipinda chimene alendo anawamangira. Aka kanali koyamba kulowamo. Ine ndinakhala panja ndi amuna anzanga, patali, nkhope ili kumbali.