Chaka Chimene Ndinali Wothira Mchere

Ndikukumbukira udindo woyamba umene ndinapatsidwa m'moyo wanga: kuthira mchere m'ndiwo. Mano anga akutsogolo anali atangoguluka kumene. Tinali titangobwerera kwathu kufupi ndi Entre Lagos kuchokera ku Malawi, kumene nkhondo inatithamangitsira, ndipo munda wathu tinaupeza utasanduka thengo.

Bambo anayamba kuswa mphanje ndi mphamvu zawo zonse, koma mvula isanagwe anayamba kutsokomola. Chifuwa chija sichinamve mandimu, sichinamve mizu. Anaonda mpaka khasu linkawalemera. Amayi ankagulitsa zitumbuwa pa siteshoni ya sitima, koma mbiri ya chifuwa itamveka, ogula ankangodutsa dengu lawo ngati mulibe kanthu.

Kenaka kunabwera azakhali, mlongo wawo wa bambo, kuchokera ku Chiuta. Anayang'ana bambo, anayang'ana amayi, n'kunena kuti limeneli ndi tsempho. Kwathu ambiri ankakhulupirira kuti mkazi akayenda njira zosayenera n'kuthira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amadwala chifuwa. Ine zimenezo zinkandipita pamwamba. Chimene ndinamva n'chakuti kuyambira tsikulo wothira mchere ndine, poti dzanja la mwana n'lozizira.

Ndinanyada ngati andiveka unduna. Ndinkathira mowolowa manja, moti ndiwo za nkhwani zinkaluma lilime ndipo mtsuko wa madzi sunkachedwa kutha. Sindinkaona kuti amayi akamati, "Yohane, bwera udzathire," ankayang'ana kumbali.

Tsiku lina azakhali anati, "Alamu, mlongo wangayu ndikumutenga. Akafere kwawo, osati m'manja mwanu."

"Muwatenge," anayankha amayi, "koma ayambe adzera kuchipatala ku Insaca. Akakanena kumeneko kuti ndine ndawadwalitsa, katundu wawo ndidzamanga ndekha."

Tinapita tonse. Bambo anakhala pakaliyala ya njinga yobwereka, amayi akukankha, azakhali ndi ine pambuyo. Enferemeru, monga timatchulira namwino kwathu kuno, atayeza makhololo anati ndi chifuwa chachikulu, chimene chimayenda mumpweya, makamaka pamene anthu amagona mothithikana ngati mmene tinkagonera kothawa nkhondo kuja.

"Nanga mchere?" anafunsa azakhali.

"Mchere ndi wa ndiwo, mayi," anatero enferemeru.

Bambo anawagoneka m'chipatala, jekeseni tsiku ndi tsiku. Chaka chimenecho mphanje ija inameranso udzu, ndipo tinadya za ganyu amene amayi ankagwira m'minda ya eni. Azakhali anakhalabe pakhomo kudikira mlongo wawo. Ankati achipatala amadziwa za m'mabotolo, za kwathu sazidziwa. Choncho ine ndinapitiriza kuwononga ndiwo.

Bambo anabwerera ali owonda koma akuyenda okha, ndi mapilitsi oti amwe miyezi ingapo. Azakhali anali atamangiratu katundu woti anyamuke nawo m'mawa mwake. Masana amenewo amayi anaphika matemba a tomato, ndipo atawira anandiitana mwachizolowezi.

"Yohane, khala pansi," anatero bambo ali pamphasa. "Watizunza mokwanira iwe."

Anadzuka pang'onopang'ono, kutenga kachibekete ka mchere m'manja mwanga, n'kukapereka kwa amayi ndi manja awiri, azakhali akuona.

"Amake Yohane, thirani ndinu. Ndiwo zanu ndazisowa."

Amayi anathira mchere uja m'ndiwo. Bambo anadya mpaka kunyambita zala. Kenaka azakhali nawonso anakoka beseni la madzi, kusamba m'manja, n'kutema mbamu. Atameza anati, "Wakwana bwino." M'mawa mwake anabwerera ku Chiuta okha. Ine ndinalira kuseri kwa nkhokwe, osati chifukwa cha chimwemwe ayi, koma chifukwa chochotsedwa ntchito.

Kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha nditakula, ndipo pang'ono pamene ndawerenga pandionetsa kuti nthenda ya chifuwa chachikuluyi si ya kwathu kokha. Kulikonse kumene yalowa imalanda khasu, imathamangitsa ogula, kenaka anthu amafunafuna woti amuloze chala, ndipo kawirikawiri chalacho chimagwera mkazi amene akudwazikayo. Mapapo a bambo anawachiritsa ndi mankhwala, koma dzina la amayi kuchipatala kunalibe jekeseni wake. Analichiritsa ndi munthu wodwala amene anadzuka pamphasa kuti adye zothira mkazi wake pamaso pa mlongo wake.