Abemba Atanyamula Mipando Yanga

Ndinaphunzira kulemba ndili kale ndi imvi. Ntchito ya mgodi itatha, masisitere a kuparishi kwathu ku Kitwe anatsegula sukulu ya akuluakulu m'holo ya tchalitchi, ndipo ndinkakhala pabenchi la ana, mawondo akugunda thebulo, kujambula zilembo ngati munthu wosema mpini. Pa nthawi imene ndinachita zomwe ndikulemba pano, papepala ndinkadinda ndi chala. Koma sindikubisala m'umbuli. Sipafunika sukulu kuti munthu adziwe kuti simenti imazizira.

Tinali awiri ochokera ku Chipata, ine ndi mng'ono wanga, ndipo tonse tinkalowa pansi mumgodi. Ine ndinakwatira wakwathu. Iye anakwatira Mbemba, mkazi wamfupi, wolongolola, woimba kwaya. Paukwati wawo tinaseka mpaka nthiti kuwawa, pakuti ife Angoni a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya. Timanyozana poyera. Iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani ndiponso ndi akuba, ndipo palibe wololedwa kukwiya. Koma ntchito yeniyeni ya chimbuya imaoneka pamaliro. Mngoni akamwalira, Abemba ndiwo amaphika, amatunga madzi, amakwirira manda, kenako amatipaka ufa kumaso kuti tisekeko pakati pa misozi. Akamwalira Mbemba, ife timabweza.

Mng'ono wangayo anamwalira ndi chifuwa. Anasiya ana atatu: mnyamata, mtsikana, ndi kamtsikana kena koti kangoyamba kukwawa. Achibale anabwera kuchokera kumudzi, ndipo titachoka kumanda tinakhala pansi kuseri kwa nyumba. Amalume ndiwo anayamba.

"Katundu ali m'nyumbamu ndi thukuta la mwana wathu. Mkaziyu mawa akwatiwa ndi Mbemba mnzake. Ndiye mwamuna wachilendo azidzagona pabedi la mwana wathu, n'kumamvera wailesi ya mwana wathu?"

Onse anayang'ana ine, chifukwa ndinali wamkulu ndiponso wodziwa tauni. Ndikanatha kunena kuti ayi. Lamlungu lapitalo ndinali nditalandira Ukaristiya. Koma ndinagwedeza mutu kuvomera, ndipo amene anakafuna lole ndine, ya mnzanga wina wonyamula makala.

Tinakweza bedi, matiresi, sitovu, wailesi, makina osokera, mipando inayi, mapoto, ngakhale ndowa. Mlamu wanga anaima pakhomo, duku lakuda kumutu, mwana kumsana. Mkazi wolongolola uja sananene kanthu kufikira nditatuluka ndi mabulangeti m'manja.

"Ba mulamu," anatero m'Chibemba, motsitsa mawu, "nangu fye ubulangeti bumo."

Bulangeti limodzi lokha ndilo anapempha. Ine ndinati, "Akwanu akupatsani."

Mkazi wanga anandikoka malaya chakumbuyo. Ndinamuuza kuti akakhale ndi azimayi anzake, izi n'za amuna. Ndipo ndilembe chinanso chimene achibale akumudzi anafa osachidziwa bwino: mipando ndi sitovu sizinafike ku Chipata. Zinatsikira kunyumba kwanga.

Unali mwezi wa Juni, mphepo ya kuno ikuluma. Nyumba inali ya mgodi, ndipo mwini ntchito akafa banja linkayenera kutulukamo. Mlamu wanga anapeza kachipinda kukomboni. Nyengo yozizira isanathe, kamtsikana kokwawa kaja kanadwala chibayo n'kumwalira. Ndinapita kumaliro. Ndinakhala panja ndi amuna, ndinaimba nawo nyimbo, kumanda ndinaponyako dothi. Palibe anandiloza chala. Patapita miyezi mayiyo anatenga ana awiri otsalawo n'kusamukira ku Ndola.

Kuchokera pamenepo moyo wanga wa mpingo unangokwera. Anandisankha kukhala wapampando wa chitente chathu, kagulu ka akhristu a dera limodzi kamene kamakumana m'nyumba pakati pa sabata. Nditadziwa kuwerenga, buku lopatulika ankandipatsa ine, chifukwa mawu anga ndi aakulu. Ndinkayala chiphunzitso bwino. Ndinkati chikhristu si yunifomu, si kolona wa m'khosi, si kukhala benchi lakutsogolo. Mtima wake ndi kukondana, zina zonse ndi zovala chabe. Azimayi ankavomereza kuti ee, abambo anena zoona. Ena mwa iwo ankamva zimenezi atakhala pamipando ya mlamu wanga, imene ndinali nditaikutira nsalu yatsopano.

Kokalapa ndinkapita. Ndinkalapa mowa, mkwiyo, kujomba Misa. Za lole sindinkatchula, chifukwa ndinali nditazipatsa dzina lakuti mwambo, ndipo mwambo munthu salapa. Nditakalamba, tulo titayamba kuvuta, ndinazinena kwa wansembe wina wachinyamata. Iye anandifunsa kuti, "Atate, mayiyo ali moyo?" Ndinati ali moyo, ali ku Ndola. Anati, "Ndiye mwabwera pakhomo lachiwiri. Loyamba lili ku Ndola." Kuchoka ku Kitwe kupita ku Ndola ndi ulendo woti munthu amapita m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanapendeke. Ine ndinatha zaka zisanu ndi chimodzi ndikukonzekera.

Chaka chatha mkazi wanga anamwalira. Tsiku lachiwiri la maliro ndinaona pakati pa azimayi Achibemba ophika kuseri gogo wina wamfupi akulamula anzake za nkhuni. Mawuwo ndinawadziwa ndisanaone nkhope: anali mlamu wanga. Palibe amene anamuitana. Anamva yekha, nakwera basi. Sanabwere kudzandipatsa moni, ndipo ine sindinadzuke kupita kumene anali. Masiku awiri anaphika, anatsuka, anatunga madzi.

Titabwerako kumanda, masana, anthu atadya, Abemba anayamba chimbuya chawo. Anatuluka ndi mbale za ufa, kuthamangitsa Angoni pabwalo. Ine ndinali pampando pakhonde. Mlamu wanga anabwera yekha, natapa ufa ndi manja awiri, nandipaka kumaso, m'mutu, mpaka m'makutu.

"Taonani kagogo ka mbewa aka! Akazi anu atopa ndi kukazinga mbewa, athawira kumwamba kumene kuli nyama yeniyeni!"

Anthu anaseka. Nanenso ndinaseka pang'ono, mtima n'kumasukako. Ndinaganiza kuti mwina zaka zafafaniza zonse.

Kenako anatembenukira azimayi anzake, nakuwa m'Chinyanja kuti aliyense amve: "Amayi! Mwini nyumba wapita. Katundu alibe mwini. Nyamulani!"

Analowa m'nyumba ngati linthumbu. Anatuluka ndi mapoto, ndowa, wailesi, matiresi anga atasenza awiri, zonse kukaunjika pamsewu. Anandidzutsa pampando umene ndinakhalapo, nawonso n'kupita. Bwalo lonse linafa ndi phwete. Mngoni wina wa m'chitente chathu anakuwa kuti, "Akuba inu! Tinanena kale kuti Abemba ndi akuba!"

"Ee, ndife akuba," anayankha mlamu wanga, manja m'chiuno. "Koma ife timaba nkhuku. Kuba ndi lole tinaphunzira kwa Angoni. Lole ili kuti, ba mulamu? Mnzanu wa makala uja anafa?"

Kuseka kunawonjezeka. Achinyamata ankajambula ndi mafoni. Ana anga omwe, maso ali otupa, ankaseka, chifukwa iwo ankadziwa kuti mipandoyo ndi ya bambo awo kuyambira kale.

Mlamu wanga analowanso m'nyumba, natuluka ndi bulangeti la pabedi langa, ataligwira m'mwamba ngati nsomba ya pamsika.

"Kukuzizira masiku ano, ba mulamu. Mukufuna limodzi? Pemphani."

"Pemphani, madala!" anthu anakuwa. "Gwadani! Abemba sapatsa chaulere!"

Pa chimbuya munthu sakana. Ndinagwada pafumbi, ufa uli mbuu kumaso, ndinaomba m'manja. "Ndikupempha bulangeti limodzi, alamu."

Anandiyang'ana. Pakamwa pake pankaseka, maso ayi.

"Akwanu akupatsani."

Pabwalo lonselo tinali awiri okha odziwa kuti si nthabwala. Wachitatu tinali titamukwirira m'mawa womwewo.

Pambuyo pake azimayiwo anabweza zonse, chilichonse pamalo pake, nasesa m'nyumba, nayala bedi langa. Mlamu wanga anatsuka mapoto omaliza, nawavundikira padzuwa, nachoka osatsazika.

Patapita masabata atatu ndinakwera basi ya ku Ndola. Mlamu wanga amakhala ku Kanini, m'nyumba ya mwana wake wamwamuna uja, amene tsopano amagwira ntchito ya mu ofesi. Ndinamupeza panja akusadzula chibwabwa, masamba a maungu. Anandipatsa mpando, iye nakhala pamphasa, naitanitsa madzi akumwa. Anafunsa za ana, za miyendo yanga, za mvula. Ine mawu amene ndinakonza m'basi anandithawa, ndipo ndinayamba ndi kuthokoza kuti anabwera kudzatigwirira ntchito pamaliro.

"Sindinabwerere inu," anatero, osakweza mutu. "Ndinabwerera mnzanga, akazi anu. Sabata lomwe lija munatisesa, anabwera kukomboni ndi bulangeti atabisa m'basiketi ya kumsika, pamwamba ataika repu. Kenako poto. Kenako ndowa. Titasamukira kuno, ankati akupita kumsonkhano wa azimayi a mpingo, chikhalirecho akubwera ndi ufa ndi kapenta. Zaka zonsezi, ba mulamu. Simunadziwe?"

Sindinadziwe. Chimene ndinakumbukira n'chakuti chaka chimenecho bulangeti lathu lofiira linasowa, mkazi wanga nanena kuti labedwa pachingwe, ine n'kumumenya mbama chifukwa cha kusasamala. Zaka makumi anayi ndinagona pambali pa mkhristu, ndikumulalikira za chikondi.

Ndinatsika pampando, ndinagwada. Ulendo uno panalibe wondikuwiza.

"Alamu, ndinakulakwirani. Inu ndi ana. Si mwambo unachita zija, ndine. Ndabwera kupempha kuti mundikhululukire."

Anapitiriza kusadzula tsamba limene linali m'manja mpaka kulimaliza.

"Dzukani, mawondo anu ndi okalamba. Kudana nanu ndinasiya kale, kunkandidwalitsa. Ndimakutchulani m'pemphero, chifukwa tinalamulidwa kutero, ngakhale masiku ena dzina lanu limandikakamira pakhosi ngati munga wa nsomba. Za bedi ndi makina ndinaiwala. Mipando khalani nayo, mufere pomwepo." Anaika tsamba m'lichero. "Koma mwati inu ndi ana. Chabwino. Mwana uja anafa, dzina lake anali ndani?"

Ndinayesa kukumbukira.

Ndinaona kamutu kake kakusuzumira paphewa la mayi ake tsiku la lole. Ndinaona kabokosi koyera, kakang'ono moti munthu mmodzi anakanyamula m'khwapa. Dzina lokha panalibe.

"Ndinu munamutcha," anatero. "Mng'ono wanu anati dzina apereke ndi akulu. Munabwera ndi nkhuku, munamunyamula m'manja, munamulavulira timate pachipumi, munanena dzina. Ife tonse tinaomba m'manja."

"Zaka zapita zambiri, alamu."

"Kwa ine sizinapite. Akanakhala ndi ana akuluakulu pano." Anakoka lichero pafupi. "Mukufuna ndikukhululukireni chifukwa cha munthu amene simukumudziwa. Ine ndinganene kuti ndakhululuka, mukwere basi mtima uli mbee, mukawerenge buku kuchitente. Koma ndikhala ndanama, ndipo kunama pa msinkhu uno sindifuna. Pitani mukakumbukire. Osati kukafunsa ana anga, osati kukatsegulitsa buku la ubatizo kuparishi. Ndidzadziwa. Likadzabwera lokha, bwerani nalo, tidzapite limodzi kumanda, mukamuitane, mukamuuze zimene mwandiuza inezi. Akakhala chete iye, ine ndidzayankha m'malo mwake."

Sanandithamangitse. Anaumirira kuti ndidye ndisananyamuke, ndipo anandiikira chibwabwa chotendera bwino, chambiri kuposa chake. Ndinadya, chifukwa kukana kukanakhala kunyada. Anandiperekeza mpaka pageti, nandiuza kuti ndisamale potsika basi, makondakitala a masiku ano sadikira okalamba.

M'basi ndinayamba kuyesa. Munthu wa kwathu satola dzina pamsewu, amatcha la wakufa wa m'banja. Ndinayesa la amayi. Ndinayesa la azakhali awiri, la agogo obala atate, la mlongo wathu amene anamira ali mwana. Lililonse ndinalinena chapansipansi, kuliika pa kamutu kaja, ndipo lililonse linagwa. Mayi amene ndinakhala naye pampando anandifunsa ngati ndikudwala.

Ndimayesabe. Nthawi zina ndikusenga ndevu kapena ndikuthirira repu kuseri, ndimamva ngati lafika kunsonga ya lilime, ndimaima chilili, kenako limabwerera. Mwana wanga wamkazi akuti ndi ukalamba, akufuna kundigulira mankhwala a ubongo. Sindinamuuze. Manambala a zitupa za anzanga a mgodi amene anafa kalekale ndimawakumbukira onse, ndipo ndingakutchulireni katundu yense wa pa lole ija m'ndondomeko imene tinamukwezera.

Miyezi isanu ndi iwiri yapita. Mlamu wanga ndamva kuti shuga yamuvuta, mwendo umodzi watupa. Ku Kanini sindinabwerereko.