Chigwiriro cha Mlombwa

Mpeni wa abambo unali wopinda, wautali ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Chigwiriro chake chinali cha mtengo wa mlombwa, chofiirira, chokhala ndi kamimba ngati nsomba, ndipo pamene pankakhala chala chawo chachikulu panali patada ndi thukuta. Pachitsulo panali kampata kolowetsapo chikhadabo potsegula. Ukaununkhiza unkamva nsomba, fodya ndi mafuta ophikira. Fungo limenelo ndimalimvabe, ngakhale nkhope ya mwini wake yayamba kundithawa.

Anausula ndi agogo, abambo a amayi anga, kwathu ku Nkhotakota, ndi chitsulo cha sipuling'i ya galimoto. Agogowo poyamba sankawafuna abambo. Ankati msodzi si mkamwini, ndi mlendo wobwera kudzagona. Abambo anapirira. Analima munda wa apongozi awo, anafolera nkhokwe, anakumba chimbudzi, mpaka tsiku lina agogo anatuma mwana kuti akawapatse mpeniwo. Panalibe uthenga uliwonse. Abambo ankati mawu onse anali mumpenimo. Pamene agogo ankamwalira ife tinali kale ku Cape Town, ndipo abambo sanathe kupita kumaliro chifukwa cha mapepala.

Nyengo imene ndikunenayi ndinali ndi zaka ngati khumi. Tinkakhala ku Masi, mbali ya kudambo, mu shaki ya malata ndi matabwa. Amayi ankachapa ndi kusita m'nyumba za azungu. Abambo ankalowa m'nyanja pa boti la munthu wina wa ku Kommetjie, kukawedza nsomba yaitali ya mano akuthwa imene kuno amati sinuki. Nsomba imeneyi imabwera nthawi yachisanu, ndipo kuno chisanu chimabwera ndi mvula.

Chaka chimenecho mvula sinkafuna kukata. Madzi ankatuluka pansi, osati kudenga kokha. Tinakweza bedi pa njerwa. Zofunda zinkanunkha nkhungu, mchere unasanduka phala, machesi ankangonyenyeka osayaka. Chilichonse chathabwa chinafufuma. Chitseko chinkafuna kuchimenya ndi phewa. Ndipo mpeni wa abambo nawonso unafufuma, mtengo uja n'kuchigwira chitsulo mwamphamvu ngati sukufuna kuchitayanso.

Ndinkawaona madzulo akulimbana nawo. Ankalowetsa chikhadabo pakampata paja, kukoka, nkhope itakwinyika. Zikakanika ankatenga supuni n'kutsegulira. Kenako ankaupaka mafuta ophikira, kuupukuta ndi malaya, n'kunena kuti, “Ukungofuna dzuwa basi.” Kwathu kunyanja mtengo ukanyowa m'mawa, pofika masana wauma. Iwo ankaganizabe za dzuwa limenelo. Kuno dzuwa la mwezi wa Julaye limangooneka, silitentha.

Malume, mchimwene wa amayi, ankakhala kuseri kwa shaki yathu. Ankasamala maluwa ndi kapinga kunyumba ina ku Noordhoek, koma manja awo anali a agogo. Anakulira pachipala, akupopa mvukuto. Kuno kunalibe mlombwa, kunalibe makala abwino, ndiye iwo ankatola zimene azungu ataya. Chitsulo ankachitenga ku mipeni yakukhitchini yothyoka, ija yosachita dzimbiri, n'kukachinola pa makina a m'galaja ya abwana awo. Chigwiriro ankachicheka ku bolodi ya pulasitiki yabuluu yodulirapo nyama imene anaipeza kuseri kwa lesitilanti. Maonekedwe okha ndiwo sanawasinthe. Anabwereka mpeni wa abambo, anaugoneka pabolodi paja, anaulemba m'mbali ndi msomali. Kamimba kaja kanalipo, kampata ka chikhadabo kanalipo. Loweruka ankakwera tekisi kukagulitsa mipeni yawoyo ku Wynberg, pafupi ndi siteshoni.

Wabwino kuposa yonse anapangira abambo. Anauponya m'ndowa ya madzi, unagona momwemo, m'mawa anauvuula ife tikuona, anautsegula ndi chala chimodzi.

“Alamu, nachi chida cha dziko lino.”

Abambo anautembenuza uku ndi uku. “Alamu, mwandibweretsera chipeso? Tsitsi lake liti, dazi lonseli?”

“Sekani, koma uwu sudziwa mvula.”

“Mdala uja akanaona mwana wake akusula ndowa, akanakuthirani madzi a pachipala.”

“Mdala uja sankapembedza mtengo, alamu. Ankagwira chimene chinalipo. Akanakhala ndi pulasitiki bwenzi mlombwa akukhalira pansi.”

Anaseka onse awiri, poti chilamu chawo chinali chotero, chonyozana. Koma abambo anauika mpeni wabuluuwo pa shelefu, wa mlombwa n'kubwerera m'thumba. Amayi sanaseke.

Amayi ankadziwa chimene ine sindinkadziwa, kuti mpeni wa msodzi si wotumbulira nsomba pokha. Pa boti pamakhala zingwe, ndipo chingwe chikamugwira munthu, chimene chili m'thumba mwake ndicho m'bale wake. Koma amayi sanali munthu wokangana ndi mwamuna pamaso pa mwana. Ndinangowamva kamodzi akuti, “Bambo a mwana, tengani yonse iwiri. Thumba silikana.” Abambo anayankha kuti munthu woyenda ndi mipeni iwiri ndiye kuti umodzi sakuukhulupirira.

Pamenepo panayamba chimene ine ndinkachiyesa masewera. Amayi ankaubisa mpeni wabuluu mu jekete la pulasitiki limene abambo ankavala panyanja. Abambo ankaupeza m'mawa, n'kuusiya pena pake poti tiupeze atapita. Tsiku lina tinaupeza m'chitini cha shuga. Tsiku lina unali m'chipewa cha malume. Lamlungu lina amayi anaupeza m'kachikwama kawo ali m'tchalitchi, pofuna kutulutsa mpango. Ine ndinkadzuka ndi chimwemwe, kufunafuna kuti lero uli pati. Ndinkaona ngati makolo anga akukondana kuposa makolo a anzanga onse.

Mwina ankakondanadi. Koma lero ndinganene kuti abambo analakwa, ndipo ndikunena ndilibe mkwiyo. Chaka chatha ndinaika m'manda mwamuna wanga. Nayenso anali ndi zake zimene ankakana, akuseka, ine ndikumupempha. Ndinazindikira kuti mwamuna akamakana chinthu moseka ndiye kuti wakana zenizeni. Wokalipa umatha kumubweza.

M'mawa wa tsiku limenelo mphepo inali itagona pang'ono, koma mafunde ankamveka mpaka ku Masi. Abambo anamwa tiyi ataimirira, anandigwira pamutu, anatuluka kukadikira bakki, galimoto ya mwini boti, kumsewu. Ine ndinayamba kuvala za kusukulu. Polowetsa phazi mu nsapato, chala chinagunda chinthu cholimba. Ndinaseka mokweza.

“Amayi, lero auika mu nsapato yanga!”

Amayi anandilanda. Anatuluka opanda nsapato, chitenje chili m'manja, akuthamanga m'matope pakati pa mashaki. Ndinawatsatira mpaka pa mpopi. Kumsewu kunalibe bakki. Anaima pamenepo mvula ikuwawaza, mpeni wabuluu uli m'dzanja, kenako anabwerera n'kundiuza kuti ndifulumire, ndichedwa kusukulu.

Madzulo ake ndinali pakhomo, ndikutaya madzi a m'beseni limene tinkatchera podontha. Ndinaona anthu awiri akubwera. Mmodzi anali mnzawo wa abambo wa ku Mangochi, amene ankawedza naye boti limodzi. Winayo anali mwini boti, mkulu wa ndevu zoyera, chipewa chili m'manja. Sanabwerepo kwathu ndi kale lonse. Mnzawo wa abamboyo atafika pakhomo anavula majombo ake, ngakhale m'nyumba munali madzi. Amayi anayang'ana majombowo, ndipo anakhala pansi pomwepo, m'madzimo, asanauzidwe kanthu.

Ine anandiuza kuti abambo agwera m'nyanja. Zinazo ndinadzazimva ndili mayi kale, malume akudwala matenda awo omaliza. Malumewo anati asodziwo atafika pamene panali nsomba anaponya nangula. Chingwe chikuthamangira m'madzi chinapanga khwekhwe n'kuwakola abambo mwendo, ndipo chinawakokera pansi anzawo akuona. Anthu onse a m'botimo anagwira chingwe n'kuyamba kukoka, koma nangula ndi munthu n'zolemera, ndipo madzi a mbali ino amazizira ngati a m'firiji. Atawatulutsa, chingwe chinali chidakali kumwendo. M'dzanja lamanzere munali mpeni wa mlombwa, wotseka. Chikhadabo cha chala chawo chachikulu chakumanja chinali chitazuka. Pachigwiriro panali zipsera za mano.

Malume anandiuzanso kuti pambuyo pake asodzi onse a boti lija anabwera kudzapempha mipeni yabuluu. Anawapangira onse. Atamaliza anataya bolodi yotsalayo kudambo, ndipo ku Wynberg sanapitenso.

Koma zimenezo ndi za pambuyo. Masiku a maliro ine ndinkangodziwa kuti m'nyumba mwathu mwadzaza anthu. Thupi linali ku mochale, tikudikira mapepala oti lipite ku Malawi, ndipo mapepala sankatuluka. Azimayi a mvano ankabwera akaweruka kuntchito, kukhala mothinana pa makatoni, kuimba nyimbo za maliro motsitsa mawu. Wina anabwereka mbaula ya palafini. Inkayaka tsiku lonse, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire chisanu m'nyumba mwathu munauma. Chitseko chinayamba kutsekeka chokha. Mchere unabwerera mwakale. Ndikuvomera kuti kutentha kumeneko ndinkakukonda, ndiponso buledi amene anthu ankabweretsa.

Apolisi anali atabweza zinthu za abambo m'kajumbo koonekera: lamba, chipewa chaubweya ndi mpeni. Amayi sanakamasule. Wina anangokaika pa shelefu, pamwamba penipeni pa mbaula, ndipo kanakhala pamenepo masiku onsewo.

Madzulo ena azimayi ali pakati pa nyimbo, malume atakhala pa ndowa pafupi ndi khomo, ine ndinatopa ndi kukhala chete. Ndinakwera pa bedi, ndinafikira kajumbo kaja, ndinatulutsa mpeni. Unali wofunda ngati dzira longoikiridwa kumene. Unkanunkhabe abambo. Ndinaona timaenje tating'ono pachigwiriro ndipo ndinaganiza kuti ndi makoswe. Kenako ndinachita zimene ndinkawaona akuchita madzulo aliwonse. Ndinalowetsa kachikhadabo kanga pakampata paja n'kukoka.

Sindinagwiritse mphamvu. Unangotseguka, tcha, mofewa ngati wabuluu uja.

Ndinatsika pabedi, ndinadutsa pakati pa miyendo ya azimayi, mpeni uli m'mwamba kuti aliyense auone.

“Amayi, onani! Watseguka! Abambo amanena zoona, umangofuna kuuma basi!”

Nyimbo inaduka pakati pa mawu. Malume anaimirira, ndowa inagubuduka, anatuluka kunja mvula ikugwa, chitseko n'kuchisiya pululu. Amayi anayang'ana chitsulocho, chikunyezimira ndi mafuta amene abambo anapaka. Masiku onsewo ankalira monga amalirira anamfedwa, motsatira anzawo. Koma apa anatulutsa mawu ena amene ndinali ndisanawamvepo kwa munthu, otsika, ochokera m'mimba. Azimayi awiri anawagwira. Mayi wina wachikulire anatenga mpeniwo m'dzanja langa pang'onopang'ono, anaupinda, anaubisa m'chitenje chake.

Palibe anandimenya, palibe anandikalipira, ndipo zimenezo ndizo zinandiopsa kwambiri. Ndinaima pafupi ndi mbaula, manja ali kumbuyo, ndikufufuza m'mutu chimene ndaononga. Mpeni unali utachira. Dzuwa lija abambo ankaliyembekezera nyengo yonse tinali titalipeza m'nyumba mwathu momwe. Ine ndinkangoganiza kuti akanakhalapo akanaseka, n'kuwaitana alamu awo kuti adzaone.