Buledi wa Amayi

Fungo la jiki limandikumbutsabe Highfields, dera limene tinkakhala kunja kwa Malawi, nditangofika kumene kuchokera kumudzi. M'mawa wina ndinasanza n'kutsegula m'mimba, koma ndinachapa zonse mwakachetechete. Ndinkaganiza kuti mwana wodwaladwala amamubweza ku Malawi.

"Wafooka bwanji, Tadala?" amayi anafunsa.

"Ndili bwino, amayi," ndinayankha, ndikuwakonzera buledi woti akadye kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba.

Mawa lake amayi anasanza ali kuntchitoko. Matendawo anagwira okalamba angapo, ndipo agogo achizungu amene ankanditumizira maswiti anapita kuchipatala osabwerako.

Nditaulula kuti ndinadwala n'kubisa, amayi sanandikalipire. Anangopitiriza kupukuta zitseko ndi jiki. "Ukanandiuza, mwanawe, tikanakhala pakhomo, uzimwa madzi pang'onopang'ono."

Mpaka lero sindidziwa ngati anali manja anga amene anapatsira amayi matendawo kudzera m'buledi uja. Koma mwana wanga akasanza, tonse timakhala pakhomo.