Chipinda cha pamwamba pa sitima ya ku Likoma

Linali Lachiwiri loyamba la mwezi wa Ogasiti, teni koloko m'mawa, pamene ndinaimba foni ku ofesi ya sitima ya pamadzi ku Monkey Bay. Ndinali pakhonde la bambo kwathu ku Biriwiri, kope lili pabondo.

Bambo aang'ono anakwatira ku Likoma ine ndili ku pulayimale, ndipo anakhazikika komweko. Chaka chimenecho maso awo anafa, moti kubwera kumudzi kunatheratu. Anatumiza uthenga waufupi: "Achimwene abwere, ndidzamveko mawu awo." Bambo anali atapitirira zaka makumi asanu ndi atatu. Tonse tinkadziwa kuti ulendowu ukalephereka sipadzakhalanso wina, koma palibe amene ankanena.

Mayi wa ku ofesi anandifotokozera bwino. Zipinda zogona zinali za mitundu iwiri. Zapansi zinali pafupi ndi polowera, popanda chokwera, koma moyandikana ndi injini. Zapamwamba zinali ndi mpweya wabwino, koma munthu ankafikako pa masitepe achitsulo oimirira kwambiri.

"Masitepewo ndi angati?" ndinafunsa.

Mayiyo anaseka, nati chiyambireni ntchito palibe anamufunsapo zimenezo. Anakafunsa mnzake wina ndipo anabwera ndi yankho: khumi ndi anayi. Chapamwamba chinatsala chimodzi, ndipo anati andisungira mpaka m'mawa mwake basi.

Ine ndinali nditasankha kale. Ndinalemba m'kope kuti chapansi.

"Akalaliki, mwalemba chiyani?" anafunsa bambo. Amanditchula choncho kuyambira pamene ndinkagwira ntchito yolembera pa sitolo ya alimi.

"Ndasankha chapansi, Bambo. Kulibe masitepe."

"Pansi pa chiyani?"

"Pansi pa anthu ena. Pafupi ndi injini."

"Zenera?"

"Akuti lilipo, koma silitseguka."

Anasisita bondo. Bambo anagwira ntchito m'migodi ya golide ku Joni zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ine m'kusamala kwanga konse sindinaganizeko zimenezo.

"M'mawa uliwonse ndinkatsikira pansi," anatero, "mwala pamutu, makina m'makutu. Tsiku lomwe ndinatuluka komaliza ndinauza Mulungu kuti pansi ndidzabwererako kamodzi kokha, atandinyamula. Ngati ndi chapansi, pitani nokha mukandiperekere moni."

Mlongo wanga, amene amakhala nawo, ankasankha mbewu ya mbatata ya kachewere pabwalo. Anadzutsa mutu.

"Bambo, ndi mawondo amenewa? Pakhomo la tchalitchi pali masitepe atatu okha, timachita kukugwirani."

"Mumandigwira kuti anthu aone kuti ndinabereka. Ine ndikane?"

"Ee, zikomo. Lamlungu lino ndikusiyani."

"Undisiye, mwina ndikhoza kufika msanga."

Sindikonda kukangana pa chinthu chimene chingayesedwe. Ndinati tikayese, ndipo masitepe akawakana, nkhani ya chapamwamba ithere pomwepo. Bambo anavomera msanga kuposa mmene ndinkayembekezera, nalowa m'nyumba kukavala jekete ndi nsapato za kutchalitchi.

Kwathu kulibe nyumba yosanja. Tinakwera minibasi mpaka pa Lizulu, m'malire ndi Mozambiki, pamene pali sitolo ina ya feteleza yokhala ndi masitepe achitsulo kunja, opita kosungira katundu. Mwini wake ndi mayi amene ndimagulako chaka ndi chaka. Nditamufotokozera, anandiyang'ana ngati ndadwala, kenako anatulutsa mpando wake kuti aonerere bwino. Ndinawerenga masitepe: khumi ndi asanu ndi limodzi.

"Awiriwo ndi basela," anatero bambo, akundipatsa ndodo yawo.

Pa Lizulu chinthu sichichitika mobisa. Asanafike pa sitepe yachinayi, amayi a kabichi ndi kachewere anali atasiya milu yawo.

"Agogo akukafunsira mbeta kumwamba!" anafuula mmodzi.

"Ndikatsika naye mundipatse thumba laulere!" anayankha bambo osacheuka.

"Mukamupeza ndi wa ku Mozambiki, tikuthandizani chinenero!"

Ine ndinali kumbuyo kwawo, manja ali chitambasulire. Bambo sanafulumire. Dzanja linkayamba, phazi n'kutsatira, kenako kupuma pang'ono. Anafika pamwamba anthu akuwomba m'manja. Koma amene anali pansi sanamve chimene ndinamva ine: chifuwa chawo chinkalira ngati mvukuto, ndipo chitsokomolo chimene anachokera nacho kumgodi chinawagwira nthawi ndithu. Anakhala pa thumba la feteleza, ine chiimire pambali pawo. Mpweya utabwerera, anayang'ana minda ya kutsidya kwa msewu n'kunena kuti a ku Mozambiki akutiposa pa mizere.

Chimene ndinkaopa kwambiri chinali kutsika. Bambo anaimirira, natembenuka kuyang'ana masitepewo, msana kwa anthu, nagwira zitsulo ndi manja onse awiri. Anatsika chobwerera, monga ankachitira pa makwerero a mumgodi. Cha pakati nsapato inaterereka, chifukwa pansi pake panali patatha, posalala ngati mbale. Amayi aja anakuwa. Manja sanataye. Anabweza phazi, napitiriza mpaka pansi.

Kenako inali nthawi yanga. Ndinayamba kutsika choyang'ana kutsogolo, ndodo ya bambo ili m'khwapa. Nditaona nthaka kudzera m'mipata ya zitsulo, ndinaima pa sitepe yachitatu osatha kupita kapena kubwerera.

"Tembenukani, akalaliki!" anafuula bambo ali pansi. "Ponyani ndodoyo! Yang'anani chitsulo, musayang'ane dothi!"

"Agogo, mwanayu mukamusiye kuchipinda chapansi!" anatero mwini sitolo, misozi ya kuseka ili m'masaya.

Ndinatembenuka, ndipo ndinatsika bwinobwino. Mayi wina anandipatsa nthochi kuti mtima ukhale pansi.

Tinakwera minibasi yobwerera kwathu. Ine ndinkaganiza za chifuwa chija. Ndinaona kuti masitepe akhoza kuwakwera kamodzi ku Monkey Bay n'kudzawatsika kamodzi ku Likoma. Chakudya ndi madzi ndizikawatengera ndine. Zimenezo akanatha. Titatsika pa siteji ya kwathu, anthu atapita, bambo anandigwira mkono n'kulankhula motsitsa mawu, akuyang'ana kumbali.

"Mukamaimba, mufunsenso ngati kotayira madzi kuli pafupi. Munthu wamkulu amadzuka kawirikawiri."

"Ndifunsa, Bambo."

"Musauze mlongo wanu. Angandilongedzere chidebe."

M'mawa mwake ndinaimba ofesi itangotsegulidwa. Mayi uja anati chimbudzi chili pa mzere womwewo, zitseko ziwiri kuchokera pa chipindacho, popanda sitepe. Ndinamupempha kuti atilembe chapamwamba, ndipo pa mabedi ake osanjikizana, la m'munsi likhale la bambo. Kenako ndinakulunga nsapato zawo m'pepala, ndinapita nazo kwa wosoka nsapato pa msika kuti aziike mphira wa tayala, ndipo ndinakhala pa benchi pomwepo mpaka anamaliza zonse ziwiri.