Funso la Tadala tsiku la nsomba zapepala

Ntchito yanga yoyamba ku Leicester ndinaipeza pa tiyi wa kutchalitchi. Mayi Zulu a ku Zambia, omwe ankagawa chakudya cha masana pa pulayimale ina ku Belgrave, anandikokera pambali. "Imwe, afuna teaching assistant kuja. Ka-applyeni, musagone." Ndinali nditatopa nako kukhala m'nyumba ku Highfields kudikira abambo akwathu kuti aweruke kuchipatala, ndiye sindinachedwe. Anandiika kuti ndizithandiza mphunzitsi m'kalasi ya Mayi Patel, ya ana a zaka zisanu ndi ziwiri.

Ine ndimati ndikukagwira choko. Ayi ndithu. Zida zanga zinali guluu, chodulira mapepala, mathishu a mamina, ndi lamineta yokutira mapepala ndi pulasitiki. Imeneyo umaidikira itenthe, kanyali kobiriwira kayake, kenako n'kulowetsa pepala kuyambira mbali yomata. Ukatembenuza imatafuna zonse. Fungo lake ndimalisowa mpaka lero.

Nyengo ya Diwali, chikondwerero cha nyali cha Ahindu, itayandikira, Belgrave Road yonse ili waliwali, ana ankaphunzira za salimoni: nsomba yobadwira mumtsinje, yokulira kunyanja yamchere, yomwe imabwerera kukaikira mazira komwe inabadwira. Ndinaseka ndekha, ndinati uyu ndi mpasa wa mu Bua, wangovala jekete. Tinakonza zoti pamaso pa makolo ana adzasambitse nsomba zapepala pansalu ya buluu, kenako adzavine gule wa timitengo wa Agujarati ndi kuonetsa tinyali tadothi tomwe anaumba okha. Ine ndi amene ndinavutika pophunzira guleyo, ana ankachita kugwa nako kuseka.

M'mawa wa tsikulo tikuyeserera, mwana wina anafunsa kuti nsombazo zikafika kwawo zimatani. Mayi Patel anayankha zoona: "Zambiri zimafera komweko. Zimakhala zitatopa."

Posakhalitsa ndinaona kuti Tadala palibe. Anali Mmalawi yekhayo m'kalasimo, mwana wa m'tchalitchi mwathu. Ndinakamupeza kopachika majekete, atakhala pansi, nsomba yake ili pamiyendo.

Mayi ake anali atapita ku Malawi mwezi wapitawo. Akuluakulu tonse tinkadziwa kuti ndi khansa, madokotala agwa mphwayi, ndipo mayiwo anapempha okha kukafera kwawo. Koma kwathu mwana sauzidwa zotere. Tadala anangouzidwa kuti apita kukaona agogo, ndipo ifenso tinkamuseketsa dala Lamulungu lililonse.

Nthawi zonse ndikamulankhula Chichewa ankayankha Chingerezi. Tsikulo anayesa chathu. "Anti, mami apita kwawo ngati fish?"

Kunena kuti ayi, ndikanamunamiza. Kunena kuti eya, sanali malo anga. Ndinangomukumbatira, n'kukauza Mayi Patel, monga linalili lamulo la pasukulu. Anati, "Musamulonjeze kanthu. Bambo ake akabwera mulankhule nawo inu, chinenero ndi chanu."

Tadala sanavine. Makolo akuwomba m'manja muholo, ine ndinali pakhomo ndi bambo ake, atavala yunifomu ya kuntchito kwawo ku care home, kosamalira okalamba. Ndinayamba ndi kupepesa, poti kulowerera za m'banja la eni si masewera.

"Bambo a Tadala, pepani ndalumpha malire. Mwanayu wadziwa."

"Ndi mwana uyu, angamve chiyani?"

"Wamva kale. Chatsala n'choti amve kwa inu, mayi ake akadali moyo."

Anangomutenga Tadala n'kumapita. Ine ndinapita kunyumba ndikuganiza kuti ndaononga ubale, mwinanso ndi ntchito yomwe. Sabata yotsatira mpando wa Tadala unali wopanda munthu. Mayi Zulu ndiwo anandinong'oneza kuti bambo ndi mwana akwera ndege.

Tadala anabwerako Khirisimasi itadutsa, mutu uli wometa. Anzake ankaganiza kuti ndi fashoni, koma ine ndinadziwa kuti maliro achitika. Pa nthawi yopuma anabwera pomwe ndinkatsuka maburashi a penti.

"Mami ndinawapeza, anti. Anandiluka tsitsi kaye."

Ndinalira pamaso pa mwana, zomwe ntchito siilola. Ndagwira m'masukulu angapo chichokereni kumeneko, ndipo zambiri ndaiwala. Koma mawu oti "ndi mwana uyu" sanatulukenso pakamwa panga. Mwana akafika pofunsa, amakhala atasenza yankho nthawi yaitali, ali yekha.