Easter ndi Makompyuta a M'makatoni

Easter Mulakha anabadwa tsiku la Pasaka m'mudzi wina kufupi ndi Nguludi, ndipo dzinalo analitola pomwepo. Fomu folo anamaliza, koma ku yunivesite sanasankhidwe. Anaphunzira kutaipa, napeza ntchito ya utaipisiti pasukulu ina yasekondale ya m'deralo. Kenaka anakwatiwa ndi Lackson, telala wa pakhonde la sitolo, munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko, ndipo anabereka mwana wamkazi, Yamiko. Anthu ankati moyo wa Easter wafika pokhazikika.

M'chaka cha 2002 lole inatsitsa makatoni pasukulupo. Munali makompyuta akale asanu ndi limodzi, mphatso yochokera kwa anthu akufuna kwabwino a kunja. Ahedi anawatsekera m'chipinda chosungira mabuku, pakuti panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa pogwira. Easter akamadutsa ankasuzumira pawindo, mtima uli dyokodyoko.

"Ahedi, ndiloleni ndikaphunzire zinthuzi," anatero tsiku lina. "Ku Limbe kuli koleji yophunzitsa Loweruka ndi nthawi ya holide. Zaka ziwiri munthu watenga dipuloma."

"Inu mayi, ndi banja lomweli?"

"Banja silithawa, ahedi."

Kunyumba Lackson atamva, anaimitsa phazi pamakina osokera n'kumuyang'ana mkazi wake nthawi yaitali. "Amake Yamiko, pitani. Loweruka mwana ndiziona ine. Koma mukadzakhala bwana musadzandiiwale." Nandolo wa chaka chimenecho anapita yense ku fizi.

Loweruka loyamba Easter anakwera minibasi atavala diresi yake ya kutchalitchi. M'kalasi anakhala pafupi ndi mtsikana wa mpango kumutu, Ruqaiya, mwana wa mwini sitolo ku Mbulumbuzi. Mphunzitsi wawo, a Chikopa, ananyamula kanthu kokhala ndi chingwe ngati mchira.

"Aka dzina lake ndi mausi. M'Chinyanja chathu, mbewa."

Ruqaiya anabweza dzanja msangamsanga. "Aphunzitsi, ine ndine Msilamu, mbewa sindigwira!"

"Ndipatseni ine, achemwali," anatero Easter, "kwathu ndi ndiwo zimenezo."

Kalasi yonse inafa nalo phwete, ndipo ubwenzi wa awiriwo unayambira pomwepo.

Pa kutaipa panalibe womuposa Easter. Kumasula kompyuta, kuona zam'kati, kubwezeretsa chilichonse m'malo mwake, zimenezo ankazimva kukoma ngati nzimbe. Akafika kunyumba ankasimba mpaka Lackson kusokoneza msoko. Koma phunziro lolemba mapulogalamu linamukhalitsa pansi. Mayeso oyamba analephera, ndipo analira njira yonse mu minibasi, nkhope atabisa m'chitenje. Ruqaiya, yemwe masamu anali ngati chakudya chake, sanamulole kugwa mphwayi. Lamulungu lililonse Misa ikatha, Easter ankapalasa njinga mpaka ku Mbulumbuzi, ndipo awiriwo ankakhala kuseri kwa sitolo mpaka mutu kutentha. Atabwereza mayesowo anakhoza, ndipo anavina pakhonde la koleji osasamala za anthu.

Tsiku lina anafika kunyumba akudandaula. "Abambo ake, diski yanga yalowa kachirombo. Ntchito yonse yafufutika."

Mayi ake a Easter, a Esnart, amene ankapeta nandolo pabwalo, anagwetsa lichero. Zaka zimenezo maliro ankachita kutsatana m'mudzimo, ndipo liwu limenelo silinali loseweretsa.

"Mwana wanga, kachirombo? Wakatenga kuti?"

"Si ine, amayi. Ndi ka makina. Sikagwira munthu."

"Onse amatero poyamba," anayankha a Esnart, misozi ili lengelenge.

Easter anakhala nawo pamphasa n'kuwafotokozera mofatsa mpaka mtima wawo unatsika. Komabe kuyambira pamenepo, akangotsika kuchokera ku Limbe, ankapeza beseni ndi sopo zikumudikira pakhomo.

Chaka chachiwiri chitayandikira kumapeto, aliyense anauzidwa kuchita ntchito yooneka ndi maso. Easter, amene tsopano anali ndi pakati, anasankha kulumikiza makompyuta a kusukulu kwawo kuti azitumizirana mauthenga. Ahedi anapereka kiyi monyinyirika. M'makatoni munatuluka mphemvu, ndipo m'kompyuta ina mavu anali atamanga chisa. Makompyuta awiri anali atafa ndithu, koma anayi anayaka. Imodzi anaiika mu ofesi ya ahedi, atatu m'chipinda cha mabuku. Popeza mimba inali itakula, Ruqaiya ndiye ankakwera makwerero kuyendetsa mawaya m'denga, Easter akulozera ali pansi.

Tsiku loyesedwa a Chikopa anabwera kuchokera ku Limbe. Aphunzitsi ndi ana asukulu anadzaza m'mawindo. Ahedi anakakhala mu ofesi mwawo, maso pagalasi la kompyuta. Easter anataipa uthenga n'kutumiza.

Zii.

Anatumizanso. Palibe chinachitika. Thukuta linayamba kutsika m'khosi, mwana m'mimba nayenso n'kumaponda ngati akufunsa. A Chikopa anangopinda manja. Easter anapuma mozama, nayamba kutsata waya uliwonse ndi zala, kuchokera kumakina mpaka kukhoma. Pamutu wa waya wina anapeza kuti timawaya tiwiri tam'kati anatisinthanitsa yekha pomanga. Anadula mutuwo, nayala timawayato mwatsopano motsata mitundu yake, n'kufinya ndi pulayala. Anabwerera pampando n'kutaipa: "Ahedi, mwadzuka bwanji?"

Ku ofesi kunamveka mpando ukugwa. Ahedi, bambo wa thupi lake amene sanaonekepo akuthamanga, anatulukira pakhomo ali wefuwefu, tayi ili paphewa.

"Ndadzuka bwino, kaya inu! Mayi Mulakha, zafika! Mawu adutsa m'khoma!"

"Ahedi, mukanayankha pakompyuta pomwepo," anatero Ruqaiya akupukuta misozi ya chiseko.

Ana anakuwa m'mawindo, amayi ophikira ana ogonera pasukulu anaimba nthungululu osadziwa n'komwe chachitika. A Chikopa anamugwira Easter chanza ndi manja awiri. "Mayi, kulakwitsa aliyense amalakwitsa. Ine ndimafuna kuona ngati mupeze nokha. Mwakhoza."

Posakhalitsa Easter anachira mwana wamwamuna, namutcha Mikaele. Pa tsiku lolandira dipuloma ku Blantyre anavala diresi yomwe Lackson anasoka, mwana ali kumbuyo, mkanjo wakuda pamwamba. Dzina lake litaitanidwa, mkanjowo unalira, ndipo holo yonse inaomba m'manja. A Esnart anaimirira pampando kuti aone bwino, mpaka mlonda anachita kuwapempha kuti atsike.

Ruqaiya anatsegula kashopu kotaipa ndi kusindikiza makadi a ukwati pafupi ndi sitolo ya atate ake. Easter anaitanidwa ndi kampani ina ya mu Limbe, ndipo anaiganizira nkhaniyo ndithu, koma anasankha kukhala kwawo. Makina akale otaipira anawasiyira wina, iye n'kukhala mphunzitsi wa makompyuta pasukulupo, komanso wokonza makina a m'maofesi ozungulira akafa.

Kalasi yake yoyamba inali ya ana opitirira makumi anayi pa makompyuta atatu. Anyamata anathamangira kutsogolo, atsikana n'kuunjikana pakhomo manja ali kumbuyo. Easter anawabweza anyamatawo, nakoka mtsikana wamanyazi koposa onse n'kumukhazika pampando.

"Lemba dzina lako."

"Ndingaononge, madamu."

"Ukaononga ndikonza. Gwira mbewayi, siiluma."